Kusankha belu la pakhomo lokhala ndi kamera: njira zinayi zofunika kuziyerekeza musanabowole khoma

Kawirikawiri munthu amaganiza zoika belu lokhala ndi kamera pambuyo poti chinachake chamuchitikira. Mwina kunabwera mlendo iye atachokapo ndipo palibe amene akudziwa kuti anali ndani, mwina katundu amene anasiyidwa pakhonde anasowa, kapenanso wina anagogoda usiku ndipo a m'nyumba anachita mantha kutsegula. Belu lotereli ndi kachipangizo kakang'ono kokhala ndi batani, kamera, maikolofoni ndi sipika, ndipo mlendo akadina batanilo, kapena akangofika pafupi, mwini nyumba amatha kumuona ndi kulankhula naye asanatsegule chitseko. Mabeluwa anatchuka kwambiri kudzera mu kampani imene Jamie Siminoff anayambitsa mu 2013 ndi dzina loti Doorbot, imene pambuyo pake inadzatchedwa Ring ndipo inagulidwa ndi Amazon mu 2018. Lero opanga ndi ambiri, monga Google Nest, Arlo, Eufy, Reolink, TP-Link ndi Hikvision.

Pamabokosi pamalembedwa zambiri za kuoneka bwino kwa chithunzi, monga 1080p, 2K kapena 4K, ndipo wogula amakopeka n'kuganiza kuti nambala yaikulu ndiyo belu labwino. Ine ndimaona kuti funso limenelo liyenera kubwera pamapeto. Belu limene lathima chifukwa batire latha, kapena limene lajambula nkhongo ya munthu akuchoka m'malo mwa nkhope yake akubwera, silinathandize kanthu ngakhale kamera yake ikhale yamphamvu chotani. Zimene zimasiyanitsa mabelu kwenikweni ndi kumene amatenga moto, njira imene chithunzi chimadzera kuti chikufikeni, ndiponso kumene zojambulidwa zimasungidwa.

Miyeso inayi

Muyeso woyamba ndi mtengo, ndipo apa sindikunena za ndalama ya tsiku logula lokha. Pali ndalama yolipira mmisiri, ya mawaya ndi zida zina zimene sizibwera m'bokosi, ya intaneti, komanso ndalama imene makampani ambiri amalipiritsa mwezi ndi mwezi kuti azikusungirani makanema. Ndi nzeru kuphatikiza zonsezi kwa zaka zitatu kapena zisanu, chifukwa belu lotchipa pogula limatha kudzadula kuposa linzake likamadya ndalama mwezi uliwonse. Muyeso wachiwiri ndi kupezeka kwa belulo, zida zake zosinthira ndi mmisiri woidziwa ntchitoyo kumene mukukhala. Pamenepa muzifufuzanso ngati kampaniyo imagwira ntchito m'dziko lanu, popeza ena amatsegula mbali zina za pulogalamu yawo ya pafoni m'mayiko owerengeka okha, moti wogula belu kunja angadzapeze kuti zina mwa zimene analipirira sizikutheka. Wachitatu ndi kasamalidwe, kutanthauza ntchito imene belulo lizikupatsani likaikidwa. Wachinayi ndi ziopsezo, kuyambira kuba kwa belu lenilenilo mpaka kuululika kwa zinsinsi za pabanja.

Kumene makanema amasungidwa

Nkhani iyi imakhudza njira zonse zinayi zimene zafotokozedwa m'munsimu, choncho ndi bwino kuimaliziratu. Mabelu ena amatumiza makanema ku makompyuta a kampani kudzera pa intaneti, kusunga kumene amakutcha cloud. Ubwino wake ndi woonekeratu, chifukwa wakuba akazula belu pakhoma amakhala atachedwa, nkhope yake yapita kale. Koma ubwino umenewu ndi wolipira. Mabelu a Ring, mwachitsanzo, akapanda kulipiridwa amakudziwitsani kuti kwabwera munthu ndi kukuonetsani zimene zikuchitika nthawi yomweyo, koma sasunga kanema woti mudzaonere pambuyo pake. Pali ndalama inanso yobisika, ya data. Kanema wa 1080p amafuna kuti intaneti izitha kutumiza pa liwiro la pafupifupi 2 Mbps, ndipo pa liwiro limenelo ola limodzi limadya pafupifupi 900 MB, kutanthauza kuti belu lojambula usana ndi usiku lingamalize ma GB opitirira 20 pa tsiku.

Kusunga ku kampani kumafunanso kuikhulupirira kampaniyo. Mu 2023 bungwe la boma la United States loteteza ogula, Federal Trade Commission, linaimba Ring mlandu woti ena mwa ogwira ntchito ake ankatha kuonera makanema a makasitomala, ndipo kampaniyo inavomera kulipira madola 5.8 miliyoni. Chakumapeto kwa 2022 kunadziwikanso kuti zipangizo zina za Eufy, zimene zinkalengezedwa kuti zimasunga zonse m'nyumba, zinkatumiza tizithunzi ting'onoting'ono ku makompyuta a kampani.

Njira ina ndi kusunga pakhomo pomwepo, pa memori khadi kapena m'kabokosi kokhala m'nyumba. Ngati memori khadi ili m'belu momwemo, wakuba akatenga belu watenganso umboni, ndiye kabokosi ka m'nyumba n'kabwino kuposa.

Njira yoyamba: belu la batire loyendera Wi-Fi

Mtengo: Ili ndi limene limafuna ndalama zochepa poyamba, chifukwa silisowa mmisiri ndipo munthu aliyense wotha kugwira sikuludiraiva angaliike yekha mu theka la ola. Komabe kawirikawiri silikhala ndi belu lolira m'nyumba, choncho mungafunike kugula padera kabokosi kosomeka pasoketi kuti amene alibe foni amve kuti kwabwera munthu. Ambiri mwa mabelu a mtundu umenewu amadaliranso malipiro a mwezi ndi mwezi.

Kupezeka: Ndi losavuta kulipeza kuposa ena onse, koma kuchuluka kwakeko ndi kumene kwatsegulira khomo zinthu zachabechabe. Mu February 2024 bungwe la Consumer Reports linapeza kuti mabelu ena otchipa, ogulitsidwa ndi mayina monga Eken ndi Tuck, ankatha kulandidwa ndi munthu aliyense amene wafika pakhomo, wadina batani kwa kanthawi n'kulilumikiza ku foni yake.

Kasamalidwe: Apa ndi pamene pagona vuto. Nthawi imene opanga amalemba kuti batire likhala amaiwerengera pakhomo pofika anthu ochepa, pamene khomo loyang'ana msewu wodutsa anthu ndi magalimoto limadzutsa kamera nthawi ndi nthawi, ndipo batire limatha msanga. Mabelu ena ali ndi batire losolola, moti mukhoza kugula lachiwiri n'kumasinthanitsa, koma ena amafuna kumasulidwa pakhoma athunthu, ndipo kwa maola onse amene akutchajidwa khomo limakhala lopanda diso. Batire la lithium-ion limafooka zaka zikamapita, limafooka msanga likamawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, ndipo silitchajika bwino kukazizira mpaka kufika pa 0°C. Sola yaing'ono yolumikiza ku belu imathandiza, koma pokhapokha ngati khomolo limafikadi dzuwa.

Ziopsezo: Pofuna kusunga moto, belu la batire limakhala logona mpaka kachipangizo kozindikira kutentha kwa thupi kalidzutse. Kachipangizo kameneka kamamva bwino munthu wodutsa chopingasa kusiyana ndi wobwera molunjika, ndipo pakati pa kudzuka ndi kuyamba kujambula pamapita kamphindi. Mlendo wabwino amaima n'kudikira, choncho amaoneka bwinobwino, koma wobwera ndi zolinga zoipa sadikira, ndipo ndi yemweyo amene munagulira belulo. Onjezerani kuti Wi-Fi ikaduka, kaya chifukwa magetsi athima kapena wina waisokoneza dala, belu losunga ku kampani limasowa kotumiza ngakhale batire lake likhale lodzaza.

Njira yachiwiri: belu la mawaya a moto wochepa loyendera Wi-Fi

Mtengo: Belu lenilenilo nthawi zambiri silidula kuposa la batire, ndipo nthawi zina limatchipa. Ndalama zimalowa poika. Ngati nyumba ili kale ndi belu lakale la mawaya, mungagwiritse ntchito mawaya omwewo awiri, koma ngati mulibe, pafunika thiransifoma yaing'ono yochepetsa mphamvu ya magetsi, mawaya ndi mmisiri wa zamagetsi, kapena adaputa yosomeka pasoketi imene waya wake umadutsa pabowo la pakhoma.

Kupezeka: Makampani onse akuluakulu amapanga mtundu umenewu. Chovuta kupeza nthawi zina ndi thiransifoma yoyenera, popeza ambiri mwa mabeluwa amafuna 16V mpaka 24V ya AC, pamene mathiransifoma ena akale amapereka 8V kapena 12V yokha.

Kasamalidwe: Likaikidwa bwino, mumangopukuta galasi la kamera ndi kansalu kofewa ndi kulola kuti pulogalamu yake izikonzedwanso pamene kampani yatumiza zatsopano. Popeza silida nkhawa ndi moto, limakhala maso nthawi zonse, ndipo ambiri amasunga masekondi angapo a zimene zinachitika munthu asanazindikiridwe. Kwa ine kusiyana kumeneku n'kokwanira kuti ndilikonde kuposa la batire paliponse pamene waya ungafike.

Ziopsezo: Thiransifoma yofooka imabweretsa mavuto osokoneza mutu. Belu limagwira bwino masana koma n'kumathima usiku, pamene timagetsi take toonera mumdima tayaka n'kuyamba kufuna moto wambiri, kapena belu la m'nyumba limangong'ung'udza osaleka. Ndiye chifukwa chake muyenera kuwerenga nambala ya VA (muyeso wa mphamvu ya moto) imene belu likufuna n'kuiyerekeza ndi yolembedwa pa thiransifoma, komanso osataya kachipangizo kakang'ono kobwera m'bokosi kolumikiza pa belu la m'nyumba. Belu limeneli siliyenera kulumikizidwa mwachindunji ku magetsi a m'nyumba, chifukwa lipsa nthawi yomweyo ndipo lingavulaze munthu. Magetsi akathima nalonso limathima, pokhapokha thiransifoma ndi router zonse zili pa UPS (kabokosi ka batire kopereka moto magetsi akathima) kapena invata. Likudalirabe Wi-Fi, choncho mavuto a Wi-Fi a njira yoyamba aliponso kuno.

Njira yachitatu: belu la chingwe cha netiweki, la PoE

Mtengo: Iyi ndi njira yodula poyamba. Chingwe chimodzi cha Cat5e kapena Cat6 chimanyamula moto ndi chithunzi pamodzi, zimene zimatchedwa PoE, koma chimafuna switch ya PoE kapena makina ojambulira otchedwa NVR okhala ndi hard disk, kuphatikizapo ntchito yoyendetsa chingwecho m'khoma kapena m'paipi. Mukamaliza kulipira zimenezi, nthawi zambiri palibenso malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo kujambula usana ndi usiku sikudya data chifukwa makanema satuluka m'nyumba kufikira mutawatsegula muli kwina.

Kupezeka: Opanga ndi ochepa, monga Reolink ndi Ubiquiti, ndipo simungayembekezere kuwapeza paliponse. Chotonthoza n'chakuti mmisiri aliyense wodziwa kuika makamera a CCTV amaidziwa ntchito imeneyi. Pogula muziona ngati belu likugwirizana ndi ONVIF kapena RTSP, chifukwa zimenezi ndizo zimalola kuti ligwire ntchito ndi makina ojambulira a kampani ina, osamangidwa kwa wopanga mmodzi.

Kasamalidwe: Belu lenilenilo silifuna zambiri, koma udindo umene kampani ikanasenza umagwera inu. Hard disk yolemba usana ndi usiku imatha, ndipo ikafa siichita phokoso, moti anthu ambiri amazindikira kuti inafa pa tsiku limene akufuna kanema. Ndi bwino kuzolowera kutsegula zojambulidwa za dzulo kamodzi pa mwezi kuti mutsimikize kuti zikusungidwadi.

Ziopsezo: Chingwe cha netiweki chimagwira bwino mpaka mamita 100, ndipo muyeso wa PoE wotchedwa 802.3af umapereka mpaka 15.4W, zimene zimakwanira belu. Vuto limabwera ndi zingwe zotchipa za aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, zimene zimataya moto panjira ndipo zimaduka msanga, choncho muzifunsa chingwe cha kopa yekhayekha. Chingwe chachitali choyenda panja chimatha kulowetsa mphamvu ya mphezi m'zipangizo za m'nyumba ngati mulibe choteteza. Ndipo makina ojambulira akaikidwa poonekera, wakuba wolowa m'nyumba amanyamula ndi umboni womwe.

Njira yachinayi: intakomu ya kamera yokhala ndi sikirini ya m'nyumba

Mtengo: Uli pakatikati, ndipo umakwera malinga ndi utali wa waya ndi kuchuluka kwa masikirini. Palibe malipiro a mwezi, ndipo mitundu yambiri sifuna intaneti n'komwe.

Kupezeka: Njira iyi ndi yakale kuposa zinazo, ndipo makampani monga Aiphone, Commax, Hikvision ndi Dahua akhala akuipanga kwa nthawi yaitali. Ogulitsa zida za chitetezo ndi mageti a magetsi amaidziwa bwino.

Kasamalidwe: N'kochepa kwambiri.

Ziopsezo: Mitundu yosalumikizidwa ku intaneti siingakuuzeni kanthu muli kutali, ndipo ina sijambula, imangoonetsa. Koma anthu amainyozera njira imeneyi popanda chifukwa chokwanira. Mlendo akadina, sikirini imayaka nthawi yomweyo popanda kudikira kuti foni itsegule pulogalamu, mwana kapena munthu wachikulire amatha kuyankha ndi batani limodzi, ndipo yambiri imatha kutsegula loko wa magetsi wa pageti. Poika loko wotero, onetsetsani kuti mawaya ake sakufikika ndi munthu womasula kabokosi ka panja.

Zofunika poika

Musanabowole paliponse, imani pamalo pamene mukufuna kuika belu, tsekani chitseko, ndipo yesani kuonera kanema pafoni pogwiritsa ntchito Wi-Fi ya m'nyumba. Khoma la njerwa kapena la konkireti ndiponso chitseko chachitsulo zimafooketsa Wi-Fi kwambiri. Mafunde a 2.4 GHz amadutsa makoma bwino kuposa a 5 GHz, ndipo mabelu ambiri amagwira ndi 2.4 GHz yokha. Kanemayo akamadukaduka, sunthani router kapena sankhani njira ya chingwe.

Msinkhu woyenera ndi pafupifupi mita 1.2 kuchokera pansi. Anthu ambiri amaona ngati n'pafupi kwambiri n'kulikweza kufika pa nkhope, koma kamera zimenezi zimaona mbali yaikulu, ndipo likakwera limayamba kuzindikira magalimoto a kumsewu n'kuphonya mwana kapena katundu wosiyidwa pansi. Ngati khomo lili pakona, gwiritsani ntchito kapulasitiki kopendeketsa kamene kamabwera m'bokosi. Ine ndinakanyalanyaza poika belu langa loyamba, limene linali pafupi ndi khoma loyera la m'mbali. Masana zonse zinali bwino, koma usiku kuwala kwa infrared, kumene belu limaonera mumdima, kunkagunda khomalo n'kubwerera m'kamera, moti theka la chithunzi linkayera mbee, ndipo munthu woima pakhomo ankangooneka ngati mthunzi. Nditapendeketsa belulo pang'ono kuti lisiye khomalo, nkhope zinayamba kuoneka. Vuto lofanana nalo limabwera ndi dzuwa la m'mawa kapena lamadzulo likakhala kumbuyo kwa mlendo, ndipo apa ndi pamene kamera yokhala ndi HDR, yotha kuonetsa bwino malo owala ndi amdima pa chithunzi chimodzi, imathandizadi.

Pogwira mawaya, thimitsani magetsi pa switch yaikulu kaye, ndipo ntchito yolumikiza thiransifoma ku magetsi a m'nyumba isiyireni mmisiri wovomerezeka. Bowo lodutsa waya lizitsetsereka cha kunja kuti madzi a mvula asalowe m'nyumba, kenako mulitseke ndi silikoni. Ngati khomo lilibe denga, funani belu lolembedwa IP65 kapena kuposerapo, chizindikiro choti limapirira fumbi ndi mvula. Sikuluu yaing'ono yomangira pansi pa belu ndi imene imalepheretsa munthu kungolisolola, choncho musaiwale kuimanga, ndipo sungani kachida kake komasulira.

Chotsala ndi kuteteza akaunti ndi kulemekeza anthu oyandikana nawo. Sinthani pasiwedi yobwera ndi chipangizo, ndipo yatsani njira yotsimikizira kawiri polowa. Mu pulogalamu yake, lembani malire a malo amene belu liziyang'anira kuti lisamangolira chifukwa cha aliyense wodutsa mumsewu, ndipo phimbani mawindo ndi makomo a ena. Maikolofoni ya mabeluwa imamva patali kuposa mmene anthu amaganizira. Mu 2021 khoti la ku Oxford, ku England, linagamula kuti mwini nyumba wina anaphwanya malamulo oteteza zinsinsi za anthu chifukwa cha makamera ake, ndipo woweruza anatsindika kwambiri za kujambula mawu. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma ngati khomo lanu lili pafupi ndi la mnzanu, kuzimitsa kujambula mawu ndi kumuuza kuti mwaika kamera kumapewetsa mikangano yambiri.

Njira yoyenera aliyense

Ngati mukukhala m'nyumba ya lendi ndipo mwini nyumba salola kuyendetsa mawaya, tengani belu la batire, koma likhale la batire losolola ndipo mugule lachiwiri losinthira. Ngati nyumba ndi yanu, khomo lili pafupi ndi router ndipo intaneti yanu ilibe malire a data, belu la mawaya a moto wochepa ndilo lingakupatseni zambiri pa ndalama zochepa, makamaka ngati mawaya a belu lakale alipo kale.

Amene amagula data yowerengera, kapena amene sakufuna kuti makanema a pabanja pawo azikhala m'manja mwa kampani, asankhe belu losunga m'kabokosi ka m'nyumba kapena la PoE. La PoE ndilonso loyenera pamene geti lili kutali ndi nyumba moti Wi-Fi siifika, pamene muli kale ndi makamera a CCTV, ndiponso pamene mukumanga nyumba, chifukwa kuika paipi ya chingwe pulasitala asanaikidwe n'kosavuta kusiyana ndi kudzagumula khoma pambuyo pake. Kumene magetsi amathimathima, PoE ili ndi ubwino wina wakuti UPS imodzi ya m'nyumba imasunga belu, makina ojambulira ndi router zonse pamodzi.

Ngati pakhomo pamakhala makolo achikulire, ana kapena wothandiza ntchito amene sagwiritsa ntchito foni yamakono, ndipo chimene mukufuna kwenikweni ndi chakuti aone mlendo asanatsegule, ikani intakomu ya sikirini. Ngati inunso mukufuna kumayankha muli kuntchito, funani mtundu wa intakomu umene uli ndi sikirini ya m'nyumba komanso umalumikizidwa ku foni, ndipo sikiriniyo muiike pamalo pamene a m'nyumba amakhala nthawi yambiri, pamsinkhu woti wamng'ono ndi wamkulu yemwe afikire.